Juzi Yoyera, Shawelo Yofiira

Lukonde anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ankakhala ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, ndi amayi ake. Lukonde sankalankhula kwambiri. Kusukulu ankadziwa mayankho, koma dzanja sankakweza.

Lukonde ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake asamamve kuzizira.

Atate ake anali a Killian Chama. Ankagwira ntchito pa kampani ya boma. Kampaniyo inagulitsidwa. Ntchito inatha. Atate anakhala pakhomo. Kenako anadwala. Mu Epulo anamwalira.

Maliro atatha, pakhomo panafika lole. M'lolemo munatsika ba anti Yande a ku Chelstone. Ba anti Yande anali mlongo wa atate. Anabwera ndi amuna awiri onyamula katundu.

Anatenga bedi. Anatenga mipando. Anatenga wailesi. Anatenga mabulangete awiri aakulu. Anatenga nsapato za atate ndi malaya a atate. Ngakhale lamba wa atate anatenga.

Amayi anakhala pansi pakona. Anavala diresi lakuda ndi mpango wakuda. Mayi wamasiye amavala zakuda chaka chathunthu. Savala zoyera. Savala zofiira. Salankhulanso mokweza.

"Bana Lukonde, musaniyang'ane so," anatero ba anti Yande kwa amayi. "Mwana ni wanu. Katundu ni wa mlongo wanga."



Kuseri kwa chitseko kunali msomali. Pamsomalipo panali juzi ya atate. Inali yaikulu. Inali yoyera mbee. Inali ya ubweya weniweni wa nkhosa. Inkamveka fungo la sopo ndi fungo la atate.

Lukonde anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Palibe amene ankamuona. Anaichotsa juzi ija. Anaikankhira m'chikwama chake cha kusukulu. Kenako anakhalira chikwamacho.

Lole itadzaza, ba anti Yande anabwereranso m'nyumba.

"Juzi yoyela ija ili kuti?" anafunsa.

"Sindikudziwa, alamu," anatero amayi.

"Mwabisa."

"Sindinabise."

"Awe, mwabisa imwe. Nizabwela futi. Nizaipeza."

Lukonde anayang'ana zala za kumapazi kwake. Amayi ankanenedwa chifukwa cha iye. Koma Lukonde anakhalabe pachikwama mpaka lole itapita.

M'nyumba munangoti gwaa. Munatsala mphasa, mapoto awiri, mbaula ndi kabulangete kamodzi kopyapyala.

Amayi anayamba kugulitsa mapeyala m'tauni. Ankadzuka m'mamawa. Ankasenza beseni. Ankakhala m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mabasi. Tsiku lonse ankaitana, "Kotapela! Kotapela!" Ndi mmene anthu a ku Lusaka amatchulira mapeyala.

Meyi anafika ndi mphepo. Mphepo inkalowa pansi pa chitseko. Inkalowa pawindo losweka. Kabulangete kaja amayi ankamufunditsa Lukonde. Iwo ankangofunda chitenje.

Amayi anayamba kukhosomola. M'mawa ankakhosomola. Madzulo ankakhosomola. Manja awo ankazizira ngati mpopi wa panja.

Lukonde ankafuna kuwapatsa juzi ija. Koma juzi inali yoyera, ndipo amayi anali m'zakuda. Komanso ba anti Yande akanaiona. Akanaitenga. Akanati, "Si nimanena? Munabisa!"

Lukonde anaganiza. Anaganiza m'kalasi. Anaganiza panjira. Tsiku lina anapeza nzeru.

Khomo loyandikana ndi lawo linali la ba Emmy. Kale ba Emmy ankaluka majuzi a ana a sukulu. Tsopano ankangokhala pakhomo, manja ali pamiyendo. Anthu ankagula zovala zakale zochokera kunja, zija amati salaula. Majuzi a ba Emmy sankawafunanso.

Lukonde anaima pafupi ndi khomo. Anaima. Anaimabe.

"Iwe ka Lukonde, shani, ufuna chani?" anatero ba Emmy. "Waimilila monga mtengo wa magetsi. Pakamwa wasiya kunyumba?"

"Nifuna muniphunzitse kuluka," ananong'ona Lukonde.

"Kuluka? Masiku ano? Salaula inatipha kale ise. Ufuna kuluka chani?"

"Shawelo. Ya amayi."

"Ulusi uli nawo?"

Lukonde anatsegula chikwama pang'ono. Ba Emmy anasuzumira. Kuseka kunatha.

"Iyi ni ya ba Chama," anatero motsitsa mawu. "Ngena mukati. Vala chitseko."

Lukonde analowa n'kutseka chitseko. M'nyumba, ba Emmy anaiyala juzi pamiyendo. Anaisisita.

"Mvela, mwana wanga. Juzi ukaimasula, siibwelela. Wamva?"

"Namva."

"Uganize bwino."

"Naganiza."

Ba Emmy anadula kamfundo kamodzi. Anamupatsa Lukonde nsonga ya ulusi.

"Donsa," anatero.

Lukonde anakoka. Ulusi unayamba kutuluka, wopotanapotana. Anakoka. Mkono umodzi unatha. Anakoka. Mkono winanso unatha. Anakoka. Chifuwa chinatha. Msana unatha. Khosi linatha.

Juzi ya atate panalibenso. Panali mipira isanu ya ulusi woyera. Lukonde anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Ba Emmy anachita ngati sanaone.

"Singano zanga sinipatsa ana," anatero ba Emmy. "Tenga aya."

Anali masipoko awiri a njinga. Anali onoledwa kunsonga.

"Ona. Lowetsa, zunguliza, donsa, tulutsa. Kamba na iwe."

"Lowetsa, zunguliza, donsa, tulutsa," anatero Lukonde.

"Kweza mawu! Sipoko siimva vonong'ona."

Lukonde anaphunzirira pa ulusi wotsala wa ba Emmy. Anaphunzira masiku atatu. Tsiku lachinayi zala zinayamba kudziwa njira.

Koma panali vuto. Ulusi wa atate unali woyera. Shawelo ya amayi inkayenera kukhala yakuda.

Lukonde akanafunsa ba Emmy. Koma anachita manyazi. Anali atapempha kale kamodzi. Kupempha kawiri kunamulemera.

Komanso ankaganiza kuti akudziwa. Kusukulu atsikana ankalemba mayina awo pa timipango ndi njere ya peyala. Ankaika kansalu pamwamba pa njere. Ankabaya ndi phini, kabowo ndi kabowo. Madzi a njere ankalowa m'nsalu. Pakapita masiku, dzina linkada. Ngakhale uchape bwanji, silinkachoka.

"Njere imadetsa," anaganiza Lukonde. "Njere zambiri zidzadetsa bii."

Madzulo alionse amayi ankabwera ndi mapeyala owola. Lukonde ankachotsa njere. Ankazibisa kuseri kwa nyumba. Njere zinafika makumi awiri.

Tsiku lina amayi ali m'tauni, Lukonde anakoleza mbaula. Anaphwanya njere ndi mwala. Anaziika m'chitini chachikulu. Anathira madzi. Madzi anawira. Madzi anada.

Lukonde anasangalala. Sanayese ndi kaulusi kochepa ayi. Anamasula mipira yonse isanu. Anaunyika ulusi wonse nthawi imodzi. Anavundula ndi kamtengo. Manja ake anathimbirira.

Anauyanika ulusi kuseri kwa nyumba ya ba Emmy. M'mawa mwake anathamanga kukaona.

Ulusi sunali wakuda. Unali wofiira ngati m'kati mwa gwafa.

Lukonde anaunyikanso kachiwiri. Unafiira kwambiri. Anaunyikanso kachitatu. Unafiira psuu.

Anautenga ulusi. Anauika pamphuno. Fungo la sopo panalibe. Fungo la atate panalibe. Linali litapita ndi madzi a m'chitini. Lukonde anakhala pansi pafumbi. Nthawi iyi sanapukute maso.

Ba Emmy anatuluka ndi tsache. Anaona ulusi. Anaphulika kuseka.

"Mayo! Iwe, ufuna amako akavine ku ukwati?"

Kenako anaona nkhope ya Lukonde. Anasiya kuseka. Anaika tsache pansi.

"Wanyika na chani?"

"Njele za kotapela."

"Aa, mwana iwe. Njele ya kotapela pa kansalu ioneka yakuda. Mu madzi ifiila. Ninshi sunanifunse?"

"Ninachita manyazi."

"Ona manje. Manyazi yako yafiila."

"Nichite bwanji, ba Emmy?"

Ba Emmy anayang'ana ulusi. Anayang'ana chipupa cha nyumba ya a Lukonde.

"Luka chabe," anatero. "Amako nimabamvela mu chipupa bakakhosomola. Vamtundu tizaona kutsogolo."

Lukonde anayamba kuluka. Akaweruka kusukulu, ankapita kwa ba Emmy. Lowetsa, zunguliza, donsa, tulutsa. Masipoko ankamubaya zala. Lowetsa, zunguliza, donsa, tulutsa.

Mzere woyamba unali wothina. Mzere wachiwiri unali wolefuka. Pena pankatsala bowo.

"Apa papita khoswe?" ankafunsa ba Emmy.

Lukonde ankamasula. Ankayambanso.

Sabata inatha. Shawelo inafika ngati chikhatho. Sabata ina inatha. Inafika ngati buku la kusukulu. Juni anafika. Udzu unkayera ndi chisanu m'mawa. Amayi ankakhosomolabe. Lukonde ankaluka mofulumira.

Shawelo inakula. Mbali imodzi inali yotambalala. Mbali ina inali yopapatiza. Sinali yokongola ngati za m'sitolo. Koma inali yolemera. Inali yofunda.

Tsiku lina amayi anabwera ndi nkhope yogwa.

"Ba anti ako atumiza uthenga," anatero. "Abwera Loweruka. Akuti adzafufuza nyumba yonse."

Lachisanu Lukonde analuka mzere womaliza. Ba Emmy anamanga mfundo.

"Kawapatse lelo," anatero ba Emmy.

Lukonde anaipinda shawelo. Anaiika m'chikwama. Anafika kunyumba. Anaona amayi m'zakuda zawo. Anaona kufiira kwa m'chikwama. Sanawapatse.

Loweruka m'mawa ba anti Yande anafika. Sanakhale pansi. Panalibenso mpando.

Anayang'ana pansi pa mphasa. Anayang'ana m'mapoto. Anayang'ana m'thumba la makala. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Pamsomali panalibe kanthu.

Ba anti Yande anaugwira msomali uja. Mawu awo anasintha.

"Ija juzi ninamugulila ndine," anatero. "Pamene anapeza nchito. Anali monga mwana wanga uja. Ninamupapa kumbuyo ine ali kakhanda. Nifuna chabe kuigwila."

Maso awo anali ofiira. Lukonde sankadziwa zimenezi. Anatsala pang'ono kulankhula. Kenako amayi anakhosomola. Lukonde anakumbukira mabulangete awiri aja ali pa lole. Anatseka pakamwa.

Ba anti Yande anatembenuka. Anaona chikwama cha kusukulu.

"Leta ico chola."

Lukonde sanasunthe. Ba anti Yande anachitenga okha. Anachikhuthula. Mabuku anagwa. Pensulo inagwa. Masipoko anagwa. Shawelo inagwa, yofiira psuu.



Ba anti Yande anaitola. Anaitambasula. Anayang'ana amayi.

"Bana Lukonde! Vofiila? Mu nyumba ya malilo? Mlongo wanga miyezi iwili chabe mu manda, imwe mwayamba kale kuzikonza? Ni ndani wamugulilani?"

"Sindikuidziwa, alamu," anatero amayi. "Ndikuyamba kuiona lero."

"Boza! Kale munati simuziba. Lelo futi simuziba. Nizauza banja lonse!"

Amayi anaweramitsa mutu. Ankanenedwanso chifukwa cha Lukonde. Kachiwiri.

Lukonde anaimirira.

"Ni yanga," anatero.

"Wati chani? Kamba monga munthu!"

"Ni yanga, ba anti! Naluka ndine. Amayi sibaziba."

Lukonde anali asanalankhulepo mokweza chonchi. Ngakhale iye mwini anadabwa.

"Iwe? Kuluka?" anatero ba anti Yande. "Na chani?"

"Na masipoko aya."

"Nanga ulusi wofiila so unaupeza kuti?"

Lukonde anatambasula manja ake. M'zikhadabo munali mothimbirira.

"Ninanyika nekha. Na njele za kotapela. Zija zowola zamene amayi babwela nazo."

Ba anti Yande anayang'ana manjawo. Anayang'ana mabowo a m'shawelo. Anayang'ana mbali yopapatiza. Anaigwira shawelo ndi zala ziwiri, patali ndi thupi.

"Njele zowola! Va mu chitini! Kanshi ni vinyalala va pa msika." Anaiponya pansi. "Ivi sinitenga. Koma amako basavale. Nikamva ati bavala, muzaniona."

Anapukuta manja pachitenje chawo. Anayang'ananso msomali uja kamodzi. Anatuluka. Ulendo uno sananene kuti adzabweranso.

Amayi ndi Lukonde anatsala awiri. Lukonde anaitola shawelo. Anaikung'untha fumbi. Anagwada pafupi ndi amayi.

"Amayi," anatero. "Ndili ndi mawu."

"Nena."

"Juzi ya atate ndinabisa ndine."

Amayi anadzutsa mutu. "Ili kuti?"

Lukonde anaika shawelo pamiyendo pawo. "Ndi iyi."

Amayi anaiyang'ana shawelo. Anaigwira. Anaitembenuza. Anaiika pamphuno. Anafunafuna fungo. Sanalipeze. Misozi inagwera pa ulusi wofiira.

"Ukanandiuza, Lukonde," anatero. "Ndikanaigwirako kamodzi ikadali juzi. Ndikanaika nkhope yanga pachifuwa pake. Kamodzi kokha."

"Pepani, amayi."

"Anandinena kuti ndine wabodza. Iwe uli pompo."

"Pepani, amayi. Ndinkaopa." Lukonde ankalira tsopano. "Ndinkafuna ikhale yakuda. Inakana. Ndinanyika katatu. Inakana. Tsopano simungavale. Ndawononga juzi ya atate pachabe."

Amayi anatenga manja a Lukonde. Anaona pamene masipoko anabaya. Anaona mabala ang'onoang'ono pazala zonse.

"Waluka masiku angati?"

"Kuyambira mu Meyi."

"Wekha?"

"Ba Emmy amanditukwana ndikasiya bowo."

Amayi anaseka pang'ono, misozi ikadali m'masaya.

"Tseka chitseko," anatero.

Lukonde anatseka. Amayi anamasula diresi lakuda mpaka m'chiuno. Anaikulunga shawelo pamapewa. Anaipingasa pachifuwa. Anaimanga kumsana. Kenako anavalanso diresi pamwamba. Anamanga mabatani onse mpaka pakhosi.

"Ukuona chiyani?" anafunsa.

"Zakuda," anatero Lukonde.

"Anthu adzaona chiyani?"

"Zakuda."

"Basi. Zakuda ndi za anthu. Zam'kati ndi za ine ndi iwe."

Lolemba m'mawa kunazizira koopsa. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Lukonde anaperekeza amayi mpaka pokwerera basi. Amayi anasenza beseni la mapeyala. Ankaoneka onenepa pang'ono.

Ba Emmy ankasesa pakhomo. Anawayang'ana amayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bana Lukonde, mwaina masiku ano," anatero. "Mudya chani?"

"Kotapela," anayankha amayi.

Ba Emmy anaseka mpaka tsache linagwa.

Pokwerera basi panali anthu ambiri. Onse anakumbatira manja m'khwapa. Lukonde anayang'ana khosi la amayi. Kaulusi kofiira kanali katasuzumira pamwamba pa batani.

"Amayi, weramani," ananong'ona.

Amayi anawerama, beseni lili pamutu. Lukonde anakakankhira kaulusi kaja m'kati ndi chala. Khosi la amayi linali lofunda.

"Mukumva kuzizira?" anafunsa.

"Ayi," anatero amayi. "Lero ayi."

Anamugwira Lukonde masaya ndi manja onse awiri. Manjawo anali otentha.

"Thamanga, ungachedwe kusukulu," anatero amayi.

Lukonde anathamanga.